Ng'oma ya ku Dzenje la Chingwe

Wambani ng'oma, anyamata! Yatsani kamoto ka udzu, yandikizani chikopa ku lawi, gogodani ndi chala mpaka mawu akwere. Mbalule itsogole, mpanje uyankhe, gunda agunde pansi pa zonse. Matani phula pakati pa chikopa. Lero tikwera phiri la Zomba ndi mapazi, kuchokera m'tauni mpaka kumene nthaka imathera kuzambwe, pa Dzenje la Chingwe, ndipo chilichonse chotinyamula kapena chotitsekereza m'njira tichitchula dzina, chimve.

Gu! Gu! Gudugu-gu!

Oyamba ndinu, Zomba. Inu Msenzamitambo, Mwininkhungu, Mtchingadzuwa wa anthu a kuseri. Inu Chimwala-chokana-kusuntha, amene mvula ya zaka zosawerengeka idasenda nthaka yonse yokuzungulirani, koma itafika pa inu idatopa n'kukusiyani muli njo. Inu wa mitu yambiri: Malumbe wamtali wopyola mamita 2,000, Chagwa, Nawimbe, Mulunguzi. Inu mbale wake wa Malosa, amene Domasi adakumba chigwa pakati panu kuti akulekanitseni, chonsecho kunsi ndinu thanthwe limodzi. Inu amene mudafungatira likulu la dziko lino mpaka 1975, n'kusunganso nyumba ya malamulo mpaka 1994. Akalaliki ndi nduna atamanga katundu wa ku Lilongwe, inu mudatsala ndi anthu anu a kale lomwe, a kwa Mlumbe, a kwa Malemia, a kwa Chikowi, a kwa Kuntumanji, a kwa Mwambo, amene sadasiyepo kudzuka m'mawa n'kuyang'ana nkhope yanu kuti adziwe ngati kugwa mvula.

Inu Mbisanapolo! Mu Disembala 1946 mvula idavumba usiku ndi usana osakata, nthiti zanu zidang'ambika, miyala ndi mitengo zidatsika pamodzi ndi madzi, milatho idapita, anthu adapita. Wokalamba wa kuno akati chaka cha Napolo safunika kuwonjezera mawu ena. Steve Chimombo, mwana wobadwira pamapazi anu, adatsata mkukuluzi wa njoka imeneyo ndi cholembera mpaka imvi. Nchifukwa chake sitikwera modzitama. Odi, agogo! Odi kuphiri! Tipatseni njira, tidutse nawo.

Wachiwiri ndiwe, njira. Iwe Potato Path, kanjira kamene alimi a pamwamba ankatsikira atasenza mbatata ya kachewere kupita nayo kumsika. Iwe Mthyolamawondo, Mfinyathukuta, Wosadziwa-bwana. Sufunsa udindo wa munthu, umafunsa mapapo ake. Iwe wa dothi lofiira loterera mvula ikagwa, wa mizu yopingasa imene mapazi a anthu ambirimbiri adaisalaza mpaka kusanduka makwerero. Iwe amene nyengo ya masuku umatayira woyenda zipatso pamapazi kuti atole, afinye, apsipe, alavule njere, apitirire. Iwe wa anyani okhala pamiyala, owerenga odutsa mmodzimmodzi.

Msewu wa tala ulipo, wokhotakhota, ndipo galimoto imaumaliza munthu asanathe kusimba nkhani imodzi. Okalamba ndi odwala akwere galimotoyo, nawonso phiri ndi lawo. Koma iwe wa miyendo yolimba, kumbuka mbira amene adasowa mchira chifukwa chotuma anzake. Kutalika kwa phiri sikuuzidwa ndi munthu wina. Kumamveka m'katumba, m'chifuwa chimene chili wefuwefu, m'malaya omata pamsana, m'khutu likamatseka n'kutsekuka. Wofika pamwamba ndi thukuta amadziwa kukula kwa chimene wayimapo.

Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Gu! Gudugu!

Patukani! Patukani, akutsika eni njira!

Inu amayi a mitolo, Osenzankhalango, Amakosi-achitsulo, Odzuka-tambala-asanalire. Taonani bwino mmene akubwerera. Nkhata ndi ya chitenje chakale chopotedwa. Mtolo ndi wa nkhuni za paini, wotalika kuposa anthu awiri ogonekedwa motsatana, womangidwa patatu ndi luzi kapena mphira. Dzanja limodzi lagwira mtolo, lina likupalasa mphepo. Maso ali pansi, kusankha mwala wopondapo. Mayendedwe awo ndi kathamangidwe kakang'ono, nyang'anyang'a, chifukwa pamtsetse katundu amakankha munthu ndipo woima chiriri ndiye amamva kulemera konse. Nsonga za nkhuni zikuvina kutsogolo ndi kumbuyo, pendapenda, motsata phazi.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka, kaya inu achimwene? Limbikirani, mufika."

Yankho limabwera khosi osatembenuka, pakuti khosi lili pantchito. Wosenza katundu wotere ndiye akulimbikitsa ife a manja lendelende! Imbirani iwo, anyamata, mbalule iwatchule. Imbiraninso abambo a njinga amene amasanja nkhuni pa kaliyala mpaka kupyola mutu, n'kutsika nazo phazi likukwekwesa pansi kuthandiza mabuleki. Imbirani anyamata onyamula matabwa aawisi paphewa, utomoni uli mbuu m'tsitsi. Ndimawamva anthu m'tauni akuti amenewa ndiwo akumaliza phiri. Wonena choncho ayambe wayang'ana pa mbaula ya kwawo, ayang'anenso denga limene wagonamo, kenaka abwere tikambirane za phiri tonse pamodzi, wogula ndi wosenza.

Takwera, takwera, tafika pa Ku Chawe, pamlomo pa phiri, pamene hotela idakhala moyang'ana tauni. Mpweya wasintha, thukuta layamba kuzizira pamsana. Ana akuthamangira alendo ndi timadengu ta sitiroberi ndi mabulosi achikasu a m'tchire, osema ziboliboli ayala ntchito yawo m'mbali mwa msewu. Gulani kadengu, mudye mukuyenda. Ulendo ukadalipo.

Iwe Mulunguzi, Mmwetsatauni, Wozizira-ngakhale-m'chilimwe. Iwe wobadwira m'madambo a pamwamba, wodumpha pa Williams Falls, wodumphanso pa Mandala Falls, wosunga nsomba za trout zimene azungu adabwera nazo. Adakutchinga ndi khoma la damu kuti upume kaye, kenaka ulowe m'mipopi ya ku Matawale, ku Chinamwali, ku Chirunga kumene ophunzira amasamba m'mamawa kuthamangira kalasi. Otsala ako amatsikira mu Likangala n'kukathera m'nyanja ya Chilwa, nyanja yopanda khomo lotulukira, imene idaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018 asodzi n'kumayenda pansi pamene ankapalasa bwato. Tatunga m'manja, tamwa, mano achita dzanzi. Tsala bwino, Mulunguzi. Iwe ukulowera kuvuma, ife tikutsata madzi ena, olowera kuzambwe.

Iwe paini, mlendo wa ku Mexico, Woima-pamzere, Mkulamsanga. Phiri lino adalilemba kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1913, ndipo m'zaka zotsatira adakudzala iwe mapiri ndi zigwa kuti ukhale matabwa. Wafolera masukulu, wakhala mabenchi a m'tchalitchi, wanyamula maliro athu. Ulemu umenewo tenga. Koma pansi pako pali zii, masamba ako osongoka amaphimba nthaka mwakuti udzu sumera, ndipo mbalame imakudutsa osatera.

Tamvani kusiyana kwake tikalowa m'khwawa mmene mudatsala nkhalango ya makolo. Inu mitengo ya ndevu za ndere, inu zilambe zopotana, inu mthunzi wonyowa wonunkhira bowa! Muno nchima amadumpha nthambi ndi nthambi, nkulukulu amatambasula phiko lofiira psuu n'kulowa m'masamba akukokoma. Muno kasupe saphwa. Ndinu ochepa tsopano, mwatsala m'makwawa ndi m'mapanga mmene nkhwangwa imachita ulesi kufika, koma madzi onse a phiri lino amadziwa kuti kwawo ndi kwa inu.

Mpanje ulire modandaula apa, chifukwa tikudutsa pa zitsa. Mtunda wonse uwu udali bii ndi mitengo, lero ndi zitsa zokhazokha ndi lupsa. Mwezi wa Seputembala ndi Okutobala moto umayenda usiku m'mbali mwa phiri, a m'tauni n'kumauona uli ngwee m'mwamba. Moto wa wosaka mbewa, moto wa wokwiya ndi malipiro, moto wa ndudu yotayidwa: phulusa lake ndi limodzi. Ndiye titchule amene amauthamangira ndi nthambi zaziwisi m'manja. Inu Olambula-njira-za-moto, Odzala-m'phulusa, Onyamula-mbande-pamutu, anyamata ndi atsikana a m'midzi ya m'mphepete amene mumathirira timitengo m'machubu chilimwe chonse kuti mudzatikwirire mvula yoyamba. Mtengo umene mukudzalawo mthunzi wake adzakhalapo mdzukulu wa munthu amene simukumudziwa. Mbalule, atchule kawiri!

Pamphambano pali njira yolowera kuvuma. Kumeneko kuli Queen's View, pamene adaima mayi wa Mfumukazi ya ku Britain mu 1957, ndi Emperor's View, pamene adaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Kumeneko munthu amaona Mulanje ali tsonga pa dambo la Phalombe, Chilwa ali mbee, chilumba cha Chisi chili pakati. Nkokongola, ndipo alendo olemekezeka adawatengera kumeneko kuti aone nkhope ya dziko. Ife ng'oma yathu ikulowera kumsana kwa phiri, kumene kuli nkhani imene mlendo sauzidwa tsiku loyamba.

Mitengo yatha, tatulukira poyera. Udzu uli weyuweyu, mphepo yatilanda mawu pakamwa. Iwe mphepo ya pamwamba, Mvulazipewa, Muumitsamilomo, Mthamangitsankhungu. Mu Juni ndi Julayi umabwera ndi chiperoni, mnzako woyenda naye n'kusanduka chithunzithunzi mapazi asanu okha patsogolo pako. Tsiku lotero wanzeru amagwira mkono wa wodziwa njira, pakuti chakudza sichiyimba ng'oma ndipo phompho silikuwa kuti ndili pano. Lero watichitira chifundo, wasesa thambo. Khungubwe wa khosi loyera akuyandama pamwamba pathu, anamzeze akucheka mpweya cha m'munsi.

Pafupi ndi mapeto a njira akhala ogulitsa miyala. Ayala thumba pansi, asanja chuma cha m'mimba mwa Zomba ndi Malosa. Nyamulani umodzi muuone. Uwu ndi wakuda bii, wautali, wowongoka, mbali zake zosalala zonyezimira, wotuluka m'chimwala choyera chogumukagumuka. Akatswiri a miyala amautcha aegirine ndipo amautumiza kutsidya kwa nyanja kukaikidwa m'makabati a galasi. Uwo ndi woonekera mkati, wa mtundu wa utsi, wansonga ya mbali zisanu ndi imodzi imene palibe mmisiri adaisema. Tayang'anani zala za wogulitsa: zikhadabo zosweka, zipsera za tchizulo, chifukwa miyala imeneyi amaikumba m'matanthwe ozondoka kumene mbuzi imabwerera.

"Tiguleni, bambo, ndachokera nayo kutali."

Inu Otsegula-nkhokwe-ya-phiri, Olendewera-pa-thanthwe, tawuona mtengo wa mwala wanu m'manja mwanumo.

Tsopano ng'oma zitsike mawu. Mbalule khala chete, mpanje khala chete. Gunda yekha.

Gu. Gu. Gu.

Ndi apa. Kachitsamba ka mitengo pakati pa udzu, kamene wosadziwa angakadutse akuyimba mluzu. Patulani nthambi, pondani mosamala. Mwala wang'ambika, kamwa lili yasa, ndere ndi zomera za m'chinyontho zalendewera m'milomo mwake, ndipo kuchokera pansi kukukwera mpweya wozizira ngati wa m'kamwa mwa mtsuko. Maso amatsika pang'ono n'kukumana ndi mdima wokhawokha.

Iwe Dzenje la Chingwe. Iwe sindikuti inu. Mmezaanthu, Kamwa-losatseka, Mbisamlandu, Manda-opanda-mtumbira, Wosabweza-mawu. Akuluakulu a mbali zino amasimba kuti muno ankaponyamo akhate, ankaponyamo amisala, ankaponyamo amene adayambana ndi mafumu. Amati ulibe mapeto, umapyola phiri lonse mpaka kuchigwa, ndipo mafupa ankatulukira kunsi ndi madzi. Nkhani imeneyi yayenda pakamwa mibadwo ndi mibadwo, ndipo mtundu wa anthu susunga nkhani yotere popanda chimene chikuupweteka. Dzina lako ndalitchula kuti udziwe kuti tikukudziwa. Nthungululu sulandira.

Alendo ambiri akafika pano amatola mwala n'kuponyamo, khutu tcheru, kuti amve pamene ukagwere. Ine ndikuti bwezani mwalawo pansi. Muno mudaponyedwa zokwanira.

Mayina aulemu ndi anu, inu amene mudalowa muno osafuna. Inu a zala zoduka, amene mudalimapo mapira ndi manja omwewo asanadwale. Inu a nkhope za mawanga, amene mayi wina adakuberekani kumsana n'kukuyimbirani kuti mugone. Inu oyankhula nokha m'njira, oseka pamaliro, olira paukwati, amene mutu udakusokonekerani popanda kupalamula. Inu a pakamwa polimba, amene mudaimirira pabwalo n'kuuza mfumu kuti apa mwalakwa. Adzukulu sadakukumbireni manda. Pasiwa panu sipadagone munthu. Palibe adameta tsitsi chifukwa cha inu, palibe adafulula mowa wokukumbukirani, palibe mwana adapatsidwa dzina lanu. Tsono landirani awa: Osawerengedwa-koma-athu, Eni-phompho, Alonda-a-kuzambwe, Ana-a-munthu. Malume a wina, azakhali a wina, chisamba cha wina, chitsirizira cha wina. Gunda akugundira inu. Pepani, pepani, pepani.

Khate limene ankaliopa chotero ndi matenda a tizilombo, ndipo lero limachizika ndi mapiritsi a miyezi 6 kapena 12, operekedwa ulere. Tsidya la chigwa ili, ku Utale m'boma la Balaka, amishoni a Katolika adatsegula malo olandira akhate, n'kumawasambitsa zilonda. Kunsi kwa phiri lomweli kuli chipatala chachikulu cha matenda a muubongo, kumene wodwala amapita n'kudzabwerera kumudzi. Mankhwala adachedwa kufika, inu mudafulumira kutayidwa.

Ndipo dzenje limasamuka. Jack Mapanje adalemba ndakatulo ya dzenje lino m'buku lake la Of Chameleons and Gods la mu 1981. Mu 1987 adamugwira, n'kukamutsekera ku Mikuyu, m'dambo la kunsi kwa phiri lomweli, mpaka 1991, osaonekera m'khoti ngakhale tsiku limodzi. M'zaka zimenezo mabanja ambiri adadziwa kuti munthu akhoza kumezedwa dzuwa likuswa mtengo, anansi n'kumaopa ngakhale kufunsa kumene wapita. Mbadwo uliwonse umakumba lake, ndipo umasankha amene akuulemera. Wathu uno udzifunse za achialubino amene amagona khutu lili kukhomo, ndi za agogo amene amagendedwa powanamizira ufiti.

Tulukani m'chitsamba. Yendani mapazi owerengeka okha, kulunjika kumene kukuchokera kuwala. Pang'onopang'ono. Gwiranani manja. Imani!

Zonse pamodzi, anyamata! Mbalule, mpanje, gunda! Gudugu-gudugu-gudugu-gu! Amayi, nthungululu!

Inu Phompho! Mapeto-a-nthaka, Khonde-la-mphungu, Mgwedezamawondo, Mtsegulamaso! Inu amene mumadula phiri ndi mpeni umodzi n'kugwetsa dziko mamita oposa 1,000 pansi pa zala za kumapazi. Inu Mchepetsamunthu, amene wolongolola akafika pa inu amangoti kakasi, kukamwa yasa, thupi lonse tsemwe. Mphepo yofunda ikukwera kuchokera kunsi, yanyamula fungo la utsi ndi fumbi la minda. Mbalame zimene moyo wathu wonse timaziona kumimba, lero tikuziona kumsana. Mthunzi wa mtambo ukuyenda pansi apo, ukuphimba mudzi, ukuuvundukula, ukuphimba wina.

Inu Chigwa cha Shire! Mphako-ya-dziko, Chotsika-pakati-pa-mapiri. Kalekale nthaka ya Africa idang'ambika kuchokera ku Nyanja Yofiira kutsika kummwera, pakati padatitimira, m'mbali mudatsala zipupa. Chipupa china ndi chino tapondachi. China ndi icho chili kutsidya, mapiri a Kirk Range ali biriwiri cha ku Ntcheu ndi ku Neno, ndipo kuseri kwake ndi Mozambique. Pakati pa ziwirizi pagona inu, Wotentha, Wamalambe, Watsanya, Wathonje, Wanandolo, Wosunga-dzuwa-mpaka-usiku.

Werengani ndi chala, amene mukudziwa kwanu. Apo pansi penipeni ndi Namitembo, kumene msewu wotsika kuseri kwa phiri umakathera. Uko ndi Chingale, dziko la Mlumbe. Mzere wa mitengo yobiriwira uwo ndi Lisanjala, akutolera timitsinje ta mbali ino. Cha kummwera kuli Changalume, kumene ankakumba miyala ya simenti. Cha kumpoto, kupyola mapewa a Malosa, kuli Liwonde, kuli njanji yochokera ku Nkaya yopita ku Nayuchi. Malata ali waliwali, apa limodzi, apo khumi, uko sukulu, uko mzikiti, uko tchalitchi. Minda yadulidwadulidwa mpaka m'khosi mwa phiri. Utsi uli tolotolo, wina wa pa mafuwa, wina wa uvuni wa njerwa, wina wa makala. Mu Meyi ndi Juni, mvula itatsuka mpweya, diso limafika kutali mpaka kutopa lokha. Mu Okutobala utsi wa lupsa umaphimba zonse, dzuwa n'kulowa lili psuu munthu akuliyang'ana osaphethira.

Denga lililonse apo lili ndi dzina la mwini wake. Pali wina akusinja, wina akumanga mbuzi, wina akubwera kuchigayo, wina wagona ndi malungo, wina akubadwa. Palibe malo ena paphiri lino pamene munthu amaona anthu anzake ochuluka chotere nthawi imodzi. Ndipo dzenje lili pambuyo pathu pomwepa, mapazi owerengeka! Amene ankakokera mnzake ku kamwa lija ankayenera kufulatira zonsezi, kufulatira midzi, kufulatira mtsinje, kufulatira dzuwa, kuti ntchito yakeyo itheke. Tembenukani kuno, ana a Zomba, tembenukani kuno! Wotopa ndi m'bale wake akwere adzaime pano, aone ukulu wa malo amene Namalenga adayala, anene ngati m'bale wakeyo akusowadi pokhala.

Tsono taonani chonyezimira icho pakati pa chigwa, chikubisala, chikuonekanso. Vulani zipewa. Mbalule, kwera mpaka chikopa chitenthe!

Inu Shire! Khomo-limodzi-la-nyanja, Mwana-yekhayo-wa-Nyanja-ya-Malawi, Msana-wa-kummwera! Mitsinje yambirimbiri imathira m'nyanja, wotulutsa ndinu nokha. Mumanyamuka ku Mangochi, mumapuma m'nyanja ya Malombe, mumadutsa pakati pa njovu ndi mvuu za ku Liwonde, nkhwazi ikulira pamwamba pa migwalangwa. Inu Wodziwa-kukwiya-mwakachetechete: kuyambira 1915 mpaka 1935 nyanja idatsika, mchenga ndi bango zidatseka pakamwa panu, ndipo mudaleka kutuluka zaka makumi awiri. Nchifukwa chake mu 1965 adakumangirani zitseko za Kamuzu Barrage pa Liwonde, kuti azikupemphani madzi mwa muyeso.

Inu Mlumphamiyala! Kupyola Matope mumasiya ulemu wa m'dambo n'kuyamba kuthamanga. Nkula adayamba kupukusa makina ake ndi mphamvu yanu mu 1966, Tedzani mu 1973, Kapichira mu 2000. Inu Muunikiramizinda, Mzunguzachigayo, Mwini-nyale-ya-m'chipinda-cha-azamba. Babu likayaka ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi, ndinu mwalowa m'nyumba. Pa mathithi anu a Kapichira mpamene sitima ya David Livingstone, Ma Robert, idalephera kupitirira mu 1859, eni ake n'kutsika kuyamba wapansi. Pa Mpatamanga mumadzipanikiza pakati pa matanthwe n'kubangula.

Inu Msenzazathu! Dothi lochoka pa zitsa tadutsa zija, mbali ino ya phiri, limatsika ndi Lisanjala n'kulowa mwa inu. La ku Ntcheu limabwera ndi Rivirivi, la ku Neno ndi Lisungwi. Mumafiira, mumalemera, namasupuni amakuphimbani kumaso, matope amatsamwitsa makina, mizinda n'kugona mumdima. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adakudzazani mpaka mudagumula khoma la Kapichira. Mu Malichi 2023 Freddy adabwera, mapiri a kummwera adatsika ndi anthu, inu n'kunyamula madenga, ng'ombe ndi misozi. Nkhwangwa imagwa kuno kumwamba, maliro amakalirika kwa Makhuwira ndi ku Makhanga. Tamva, Shire, tamva.

Pitani, Wautali-wa-makilomita-400! Tsikirani ku Chikwawa, dziko la Lundu, kumene Amang'anja amakudziwani ndi mayina amene ife a kumtunda sitidawamve. Mwetsani nzimbe za ku Nchalo. Tambasukani m'dambo la Elephant Marsh, mubise ng'ona, mudyetse asodzi a mlamba ndi makakana. Landirani Ruo pa Chiromo, wabwera ndi madzi ozizira a ku Mulanje. Dutsani Nsanje mwaulemu, pafupi ndi Khulubvi, kachisi wa Mbona woitana mvula. Wolokani malire popanda chiphaso, Asena akuyimbireni valimba m'mbali zonse ziwiri. Zambezi akukudikirani ku Mozambique, wochokera ku Zambia, wodzera ku Kariba ndi ku Cahora Bassa, wadutsa Tete, watambasula manja. Lowani mwa iye, Shire, Mtengamadzi-a-kwathu, Wosabwerera-m'mbuyo, mukafike limodzi ku nyanja ya mchere!